Kuzindikira feni ya Asplenium m'nkhalango za nkhungu: diso, foni, lenzi kapena herbarium?

M'nkhalango za m'mapiri zimene zimakhala zobiriwira chaka chonse, monga za ku Mulanje, pa phiri la Zomba, ku Ntchisi, ku Nyika ndi ku Misuku, feni (chomera chopanda maluwa kapena njere) imene mungaione itakakamira pa khungwa la mtengo kapena pa mwala wa ndere nthawi zambiri imakhala ya gulu la Asplenium. Gululi lili ndi mitundu pafupifupi 700 pa dziko lonse, ndipo yochuluka imakonda malo otere: mthunzi, nkhungu ya m'mawa, ndi chinyezi chosachoka ngakhale mvula italeka. Kunena kuti "iyi ndi Asplenium" sikuvuta kwenikweni. Pamene munthu amagwira njakata ndi pa dzina lachiwiri, chifukwa pa thunthu limodzi pakhoza kumera mitundu itatu kapena inayi, komanso mtundu umodzi womwewo umasintha maonekedwe malinga ndi pamene wamera. Wa pa nthambi yowombedwa ndi dzuwa umakhala waufupi ndi wokhuthala, pamene mnzake wa m'mphepete mwa mtsinje amatalika n'kugawikagawika.

Njira zopezera dzina zilipo zingapo, ndipo zimasiyana mphamvu, mtengo ndi nthawi. Zonsezo zimayenda bwino kapena kulephera pa chinthu chimodzi: ngati mwayang'ana kunsi kwa tsamba ndi pa tsinde, kapena mwangokhutira ndi maonekedwe a tsamba kumtunda.

Musanasankhe njira, tsimikizani gulu

Tembenuzani tsamba lokhwima. Kunsi kwake kuli timizere tofiirira timene akatswiri amati sori, ndipo m'menemo ndimo muli timatumba ta spore, fumbi limene feni imaberekera. Pa Asplenium timizereti timakhala towongoka, togona motsatira mtsempha, ndipo kalikonse kali ndi kakhungu kopyapyala kokaphimba. Kakhunguko kamamatirira mbali imodzi yokha n'kutsegukira mbali inayo, kawirikawiri cha ku mtsempha waukulu wapakati. Mukapeza timadontho tozungulira, imeneyo ndi feni ina. Mukapeza mzere wa spore ukutsata m'mphepete mwa tsamba, mphepeteyo itapindikira pansi, ganizani za magulu ena a mafeni, Pteris kapena Pellaea.

Magulu ena a mafeni amene amasokoneza kwambiri ndi atatu. Diplazium nayo ili ndi timizere towongoka, koma pa mitsempha ina, makamaka ya m'munsi mwa kagawo ka tsamba, timizereti timakhala tiwiritiwiri, kena mbali iyi kena mbali iyo ya mtsempha umodzi. Athyrium imakhala ndi timizere tina topindika kumapeto ngati chilembo J, todumpha mtsempha. Wachitatu ndi Loxogramme, imene imamera pa makungwa omwewo, ya tsamba losagawika lokhuthala ndi timizere topendekeka. Imeneyi ilibe kakhungu kophimba ngakhale pang'ono. Apa mpofunika kusamala: sori zikakhwimitsa, timatumba ta spore timafufuma n'kukankhira kakhunguko pambali, mwina kufota kumene, ndiye Asplenium yeniyeni imaoneka ngati ilibe. Funani tsamba limene sori zake zikadali zotuwa kapena zangoyamba kufiira.

Chizindikiro chachiwiri chili pa tsinde, pamene masamba amatulukira. Pamenepo pali timamba takuda kapena tofiirira. Chotsani kamodzi ndi nsonga ya singano, mukayang'ane ndi lenzi, kagalasi kokulitsa ka m'manja, moyang'anitsa ku kuwala. Ka Asplenium kamaoneka ngati ukonde: makoma a maselo ndi akuda ndi okhuthala, pakati pake poonekera. Timamba ta Diplazium ndi Athyrium tilibe maonekedwe amenewa, timangokhala tofiirira ponseponse. Pa atatuwa, Loxogramme yokha ndiyo ili ndi timamba taukonde ngati Asplenium, n'chifukwa chake pa iyo timadalira kakhungu kaja.

Chachitatu chimafuna lezala latsopano. Dulani phesi la tsamba mopingasa cha m'munsi: muona timitsempha tiwiri. Dulaninso kumtunda, pafupi ndi pamene timasamba tayambira. Pa Asplenium tiwiri tija timakumana n'kupanga chilembo X. Pa Diplazium ndi Athyrium timalumikizana kukhala U. Lezala lobuntha limatswanya phesi, osaonetsa kanthu.

Diso lokha

Njira imeneyi ndi yaulere ndi yachangu, ndipo pa mitundu ingapo imakwana ndithu. Asplenium mannii ndi kafeni kakang'ono ka pa nthambi, masamba ake kawirikawiri safika masentimita 15, ndipo kamatulutsa timizingo topanda masamba timene timayanga pa ndere n'kuphukitsa ana motalikirana. Mukaona mzere wa timafeni tolumikizana ndi kaulusi kobiriwira, mwatsala pang'ono kumaliza. Asplenium sandersonii nayo imayanga, koma mwa njira ina: msana wa tsamba lenilenilo ndi umene umapitirira timasamba tomaliza, n'kukhala kamchira kokhala ndi mphukira kunsonga. Kamchirako kakakhudza khungwa kamamera mizu, ndipo pakapita nthawi thunthu lonse limakutidwa. Timasamba take ndi tonenepa, tokhala ndi mano m'mphepete mwa kumtunda, m'munsi mosalala.

Asplenium monanthes simavutanso. Tsamba lake ndi lalitali koma lopapatiza, masentimita 2 kapena 3 m'lifupi, phesi ndi msana zakuda zonyezimira, timasamba tambirimbiri tating'ono, ndipo kalikonse kawirikawiri kamakhala ndi mzere umodzi wa sori, wogona motsatira mphepete ya m'munsi. Feni yomweyi imapezekanso ku Mexico, ku South America ndi ku Hawaii.

Pamene diso limayamba kunama ndi pa mafeni a masamba ogawikagawika kukhala timagawo topapatiza, kagawo kalikonse ndi mzere umodzi wa sori. Munthu ataima mamita awiri, Asplenium rutifolium, Asplenium dregeanum ndi Asplenium theciferum zimaoneka chimodzimodzi. Koma rutifolium ndi yokhuthala ngati chikopa, ilibe mphukira pa tsamba, ndipo mzere wake ndi wautali, wogona m'mbali mwa kagawo. Dregeanum ndi yopyapyala, imakonda mthunzi wandiweyani pafupi ndi madzi, ndipo imakhala ndi mphukira pa msana cha kunsonga kwa tsamba. Theciferum ilibe mzere weniweni: sori zake zili m'kathumba kafupi kotsegukira kunja, cha kumapeto kwa kagawo. Kathumba kameneka kamachititsa ambiri kuitcha Davallia, feni ya gulu lina, pamene Davallia ili ndi tsinde lonenepa lokwawa patali, masamba akutuluka limodzilimodzi, koma a theciferum amatuluka pamodzi pa chitsa chimodzi. Palinso Asplenium hypomelas, yokhala ndi timatumba tofanana nato koma yaikulu, masamba opitirira mita, imene imakonda kumera pa mathunthu a mafeni aatali ngati mitengo a m'mbali mwa mitsinje.

Choncho diso lokha limathandiza woperekeza alendo kapena mlonda wa nkhalango amene amadutsa njira imodzimodzi chaka chonse ndipo anaonetsedwa kale mayina ndi munthu wodziwa. Kwa amene akulemba mndandanda wa zomera wopita mu lipoti, silikwana.

Foni

Mapulogalamu monga iNaturalist ndi Pl@ntNet amayerekeza chithunzi chanu ndi zithunzi zimene anaphunzitsidwa nazo. Mphamvu yake ili pomwepo, kufooka kwakenso kuli pomwepo. Mtundu umene wajambulidwa kambirimbiri ku Ulaya, ku America kapena ku New Zealand amaudziwa bwino. Mtundu wa m'nkhalango ya ku Misuku umene uli ndi zithunzi zowerengeka mwina sunalowe n'komwe, koma pulogalamu imaperekabe dzina la umene ukufanana nawo. Ndiye munthu amapezeka walemba Asplenium bulbiferum, feni ya ku New Zealand, pa chomera cha pa Zomba. Dzina la gulu lochokera pa foni mukhoza kulikhulupirira nthawi zambiri. Dzina la mtundu litengeni ngati poyambira kufufuza basi.

Phindu lenileni la iNaturalist ndi anthu amene ali kumeneko, ena mwa iwo akatswiri a mafeni a mu Africa, amene amayang'ana zithunzi n'kukonza mayina. Koma sangakuthandizeni ndi chithunzi chimodzi cha tsamba kumtunda. Jambulani chomera chonse pamene chamera, kuti zioneke ngati chili pa mtengo, pa mwala kapena pa dothi. Jambulani tsamba limodzi lathunthu kuyambira pa tsinde mpaka kunsonga, rula ili pambali. Kenako kunsi kwa timasamba ta pakati, pafupi kwambiri mpaka sori zioneke. Timasamba ta m'munsi. Nsonga ya tsamba mbali zonse ziwiri. Ndi tsinde, mutapatula ndere pang'ono ndi chala.

M'nkhalango muli mdima, ndipo foni imachedwetsa kujambula kuti ipeze kuwala, zithunzi n'kutuluka zosaoneka bwino. Flash ikawomba pa tsamba lonyowa imangobweretsa kunyezimira koyera. Chimene chimathandiza ndi tochi younikira kuchokera m'mbali, ndi pepala kapena chikuto cha kope kumbuyo kwa tsamba kuti kamera igwire tsambalo osati tchire la kumbuyo. Mukagunditsa lenzi ya m'manja pa kamera ya foni mukhoza kujambula ngakhale timamba. Netiweki kulibe m'zigwa zambiri za m'mapiri, koma GPS siifuna netiweki: iyatseni pojambula, zithunzi mukatumize mukatsika.

Lenzi, rula ndi kiyi

Iyi ndi njira imene imabweza zambiri poyerekeza ndi ndalama zimene mwaononga, ndipo woyamba kumene ayenera kuikapo mtima kuposa zinazo. Lenzi yokulitsa ka 10 ndiyo yoyenera. Ya ka 20 imaonetsa kadera kakang'ono kwambiri ndipo imafuna kuwala kochuluka, kumene m'nkhalango kulibe. Ambiri amaigwira molakwika, kuitalikitsa ndi nkhope. Igunditseni pafupi ndi diso, dzanja litatsamira pa tsaya, ndiye muzibweretsa tsamba pang'onopang'ono mpaka lioneke, pa mtunda wa masentimita 2 kapena 3 kuchokera pa galasi. Kuwala kuzichokera kumbuyo kwa phewa lanu.

Kiyi ndi mndandanda wa mafunso a mbali ziwiri, lililonse likukutumizani ku lotsatira mpaka mufike pa dzina. Ya dera lathu ili mu Flora Zambesiaca, m'buku la mafeni limene E. A. Schelpe analemba n'kutuluka mu 1970, lokhudza Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana. Ndi lakale, ndipo mayina ena anasintha. Feni ya m'miyala yonyowa ya m'mitsinje imene inkatchedwa Asplenium unilaterale pano ambiri amaiika m'gulu la Hymenasplenium, ndipo imene inkatchedwa Ceterach cordatum inalowa mu Asplenium. Mukapeza dzina, liyerekezeni ndi zithunzi ndi mayina atsopano pa tsamba la pa intaneti la Flora of Malawi. Mabuku a ku South Africa ali ndi zithunzi zabwino, koma mitundu ina ya kumpoto kwa Zambezi mulibe, ndipo kiyi imene ilibe feni yanu imakufikitsanibe pa dzina lina, lolakwika, popanda kukuchenjezani.

Funso loyamba pafupifupi nthawi zonse ndi la tsinde: kodi ndi chitsa choima, masamba akutuluka pamodzi, kapena ndi lokwawa, masamba akutuluka motalikirana? Amene anangothothola tsamba n'kubwera nalo kunyumba amakanirira pomwepa. Chitsanzo ndi Asplenium friesiorum, feni yaikulu ya m'mphepete mwa nkhalango za pamwamba, imene tsamba lake limayandikira mita. Tsinde lake limakwawa patali, timasamba take ndi tatitali tosongoka, ndipo sori zimagona pafupi kwambiri ndi mtsempha wapakati, pafupifupi motsatana nawo. Asplenium protensum ilinso ndi tsamba lalitali logawika kamodzi, koma masamba ake amatuluka moyandikana, msana wake uli ndi ubweya wofewa umene umaoneka ndi lenzi, timasamba ta m'munsi timanka tichepa, ndipo pafupi ndi nsonga pamakhala mphukira.

Funso la mphukira ndi limene limasokeretsa anthu ochuluka. Mphukira isanaphuke ndi kachotupa kakang'ono kokutidwa ndi timamba, mwina mamilimita 2 okha, kobisala pa msana pansi pa timasamba tomaliza. Si tsamba lililonse limene limakhala nako, ndipo kena kamagwa n'kusiya kachipsera. Musanayankhe kuti "palibe", yang'anani masamba osachepera 10 pa zomera zingapo za pamalopo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa mafeni a timasamba tikulutikulu tochepa, kamene kali kunsonga kakufanana ndi ta m'mbali, nkhani imagona pomwepa: Asplenium gemmiferum imakhala ndi mphukira pafupi ndi kansongako, Asplenium anisophyllum kawirikawiri ilibe, ndipo Asplenium boltonii ili nayo komanso phesi lake lili ndi timamba tofiirira topyapyala ngati tsitsi.

Timasamba ta m'munsi natonso timalankhula. Pa mafeni awiri a pa dothi la m'nkhalango amene amafanana kwambiri, Asplenium erectum timasamba take timanka tifupika cha m'munsi, pamene ta Asplenium inaequilaterale timakhala pafupifupi tofanana ndi ta pakati. Koma timasamba ta m'munsi ndi timene timayamba kudyedwa ndi tizilombo ndi kugwa, ndiye fufuzani zipsera pa phesi musanaweruze.

Poyeza, kiyi ikanena za kutalika kwa kasamba imatanthauza kakakulu ka pakati pa tsamba lokhala ndi sori. Tsamba la chomera chaching'ono silikhala logawika mokwanira, ndipo likhoza kukutengerani ku nthambi ina ya kiyi. Timamba yezani ta pa nsonga ya tsinde pamene pakukula, chifukwa takale timakhala titathothoka mano ndi nsonga.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Kuyambira Januwale mpaka Epulo masamba amakhala otambasuka ndipo sori zimapezeka za misinkhu yonse. M'miyezi ya chiperoni, Meyi mpaka Ogasiti, mafeni a mbali ya kum'mwera chakum'mawa kwa Mulanje ndi mapiri oyandikana nawo amakhalabe abwino chifukwa cha mawawa ndi nkhungu. Seputembala mpaka Novembala ambiri a pa mitengo ndi pa miyala amafota n'kupindika ngati afa. Sanafe. Ikani tsamba m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi nyuzipepala yonyowa, mumange, lisiyeni usiku umodzi pa malo ozizira, ndipo m'mawa mulipeza litatambasuka mokwanira kuyeza.

Chitsanzo chouma ndi herbarium

Kiyi ikakufikitsani pa mayina awiri, kapena dzina likufunika pa ntchito ya kafukufuku, palibe cholowa m'malo mwa chitsanzo chouma choyerekezedwa ndi zina zimene akatswiri anazitchula kale. Malo osungira zitsanzo zotere amatchedwa herbarium, ndipo ku Malawi zimasungidwa ku National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi ku Zomba. Njira imeneyi ndi yochedwa, koma ndi yokhayo imene imasiya umboni woti wina akhoza kudzauonanso patapita zaka n'kukonza dzina ngati linalakwika.

Yambani ndi chilolezo. Nkhalango za Mulanje, Zomba ndi Ntchisi ndi zotetezedwa pansi pa nthambi ya boma yoona za nkhalango, ndipo Nyika ili pansi pa nthambi yoona za malo osungira nyama zakutchire. Kuzula chomera m'malo amenewa popanda kalata ndi mlandu. Ngakhale muli ndi kalata, otolera zitsanzo ambiri amatsata lamulo loti pa zomera 20 mutengepo chimodzi. Zikakhala zochepa kuposa apo, jambulani, tengani tsamba limodzi ndi timamba tingapo, chitsa muchisiye.

Chitsanzo chabwino chimakhala ndi kachidutswa ka tsinde ndi timamba take, phesi lathunthu, ndi masamba awiri kapena atatu okhala ndi sori. Pa feni ya chitsa chonenepa, ching'ambeni pakati motsika ndi mpeni kuti chiphwatalale. Dothi ligwedezeni, musalitsuke mopaka, chifukwa timamba timapita ndi madzi. Yalani m'nyuzipepala yopindidwa ya masentimita pafupifupi 45 m'litali ndi 30 m'lifupi, tsamba lina likuyang'ana kumwamba, lina pansi, kuti likadzamatidwa mbali zonse zizioneka. Tsamba lalitali lipindeni ngati V kapena N, osalidula nsonga, pakuti kunsongako ndi kumene kuli mphukira. Pakati pa zitsanzo ikani makatoni, kunja matabwa awiri, mumange zolimba ndi malamba kapena mphira.

Chimene chimaononga zitsanzo zambiri ndi chinyezi. Sinthani nyuzipepala tsiku lililonse kwa masiku atatu oyamba, kenako modumphitsa tsiku, mpaka phesi lizithyoka m'malo mopindika. Mitundu yopyapyala imauma m'masiku 4 kapena 5. Yokhuthala monga rutifolium ndi sandersonii imatha sabata kapena kupitirira, ndipo mukaiiwala m'pepala lonyowa imada n'kuchita nkhungu, timasamba n'kuyoyoka. Mtolo uikeni pa malo a mphepo yofunda, makatoni ataima kuti mpweya uzidutsa m'timabowo take. Kuusendeza pafupi ndi mbaula kumaphika masamba ndipo kumatsegula timatumba tonse ta spore nthawi imodzi. Zikauma, zikulungeni m'pulasitiki n'kuziika mu freezer kwa sabata kuti tizilombo tife.

Chitsanzo chopanda chikalata ndi udzu chabe. Lembani ndi pensulo dzina la wotolera ndi nambala, tsiku, malo ndi manambala a GPS, kutalika kwa malowo kuchokera pa nyanja yamchere, chimene feni inamerapo ndi msinkhu wake kuchokera pansi, kuchuluka kwa mthunzi, ndi zinthu zimene zimatayika pouma: mtundu wa phesi likadali laliwisi, kukhuthala kwa tsamba, ndi ngati masamba anali oima kapena olendewera.

Pamene lenzi imathera: Asplenium aethiopicum

Feni imeneyi mudzakumana nayo kawirikawiri kuposa zina, pa miyala, pa mitengo ndi pa dothi. Kuizindikira mwachisawawa n'kosavuta: tsinde lokwawa pang'ono, tsamba logawika kawiri kapena katatu, timagawo topapatiza m'munsi n'kutambasuka kumapeto kumene kuli mano osalingana, mitsempha yoyala kuchokera pa tsinde la kagawo popanda wapakati woonekera, sori zazitali zosiyana utali, ndi timamba takuda tonga tsitsi pa phesi ndi pa msana. Asplenium megalura ili ndi timasamba ta mpangidwe wofanana, koma tsamba lake limagawika kamodzi kokha ndipo kasamba kalikonse kamathera m'kamchira katali.

Vuto ndi loti dzina limodzili likuphimba zomera zosiyana m'kati. Pa Asplenium nambala yoyambira ya ma chromosome (timaulusi ta m'maselo tonyamula chibadwa) ndi 36, ndipo A. F. Braithwaite atafufuza za aethiopicum ku South Africa anapeza za magulu 4, 8 ndi 12 a nambala imeneyi, kutanthauza 144, 288 ndi 432, zina zoberekana mwa nthawi zonse, zina zobereka popanda kukwatitsana. Masamba ake amalowerana maonekedwe, moti lenzi siingazilekanitse motsimikiza.

Apa ndi pamene maikulosikopu imagwira ntchito, ndipo ya ku labotale ya sukulu ya sekondale imakwana pa gawo loyamba. Ndi singano, tolani kathumba kamodzi ka spore kakuda koma kosatseguka, kaikeni m'dontho la glycerine pa galasi, phimbani, mudinikize pang'ono ndi chofufutira cha pensulo kuti kaphulike. Werengani pa mphamvu ya ka 100. Spore 64 zimasonyeza feni yoberekana mwa nthawi zonse. 32 zikuluzikulu zimasonyeza yobereka popanda kukwatitsana, monga momwe monanthes imachitira. Bwerezani ndi timatumba 5 kapena kuposa, chifukwa kathumba kamene kanayamba kale kutseguka kamapereka nambala yapakati yopanda tanthauzo. Spore zikakhala zofota, zakuda, zosiyanasiyana kukula ndi zinyenyeswa zambiri, mwina mwagwira feni yobadwa pa mitundu iwiri, ndipo imeneyo siikwana mu kiyi iliyonse. Koma spore zosakhwima zimene zinauma msanga zimaonekanso zofota, choncho tengani pa sori zokhwima bwino.

Kukula kwa spore kumakwera pamodzi ndi kuchuluka kwa ma chromosome. Kuti muyeze pamafunika kagalasi koyezera ka m'diso la maikulosikopu ndi mphamvu ya ka 400. Yezani spore 20 mpaka 30 m'litali, kusiya khungu lakunja la makwinya, mupeze nambala ya pakatikati. Spore imodzi kapena ziwiri sizinena kanthu.

DNA

Ambiri amaganiza kuti njira yowerenga DNA, malangizo a chibadwa a m'maselo a chomera, ndiyo imathetsa mkangano uliwonse. Pa Asplenium sizili choncho. Zigawo za DNA zimene zimawerengedwa kawirikawiri, rbcL ndi trnL-F, ndi za mu chloroplast, mbali yobiriwira ya m'maselo, imene pa mafeni imachokera kwa kholo lachikazi lokha. M'gulu limene mitundu yambiri inabadwa mwa kusakanizana, zotsatira zimakupatsani dzina la mayi, osati la chomera chimene muli nacho. Komanso mumayerekeza ndi zimene ena anaika ku GenBank, nkhokwe ya pa intaneti ya zotsatira za DNA, ndipo ngati woikayo analakwitsa dzina, inunso mulakwitsa naye limodzi. Ndi yodula, imafuna labotale, ndipo kutumiza chomera kunja kwa dziko kumafuna chilolezo chinanso. Imathandiza pa tomera tating'ono topanda sori ndi pa kafukufuku wa ubale wa mitundu. Ngati mukuganiza kuti idzafunika, dulani kasamba kanthete koyera ka masentimita 2 kapena 3, kaikeni m'kathumba kotseka bwino ndi silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, wolemera kuposa iko ka 10, ndipo mulembepo nambala yomweyo ya chitsanzo chouma. Popanda chitsanzo choumacho, zotsatira za DNA palibe angazitsimikize.

Kulemba dzina molingana ndi umboni

Mphunzitsi wotenga ana kukaona nkhalango, kapena woyenda m'mapiri wongofuna kudziwa, lenzi ndi zithunzi zabwino zomwe zatumizidwa kwa odziwa zimukwanira. Wolemba lipoti la zachilengedwe kapena wophunzira wa ku yunivesite ayenera kukhala ndi chitsanzo chouma pa mtundu uliwonse umene watchula, chifukwa dzina lolakwika likalowa mu lipoti limakoperedwa ndi olemba ena kwa zaka. Maikulosikopu isungireni aethiopicum ndi zomera zimene zikuoneka kuti zili pakati pa mitundu iwiri.

Dzina lolembedwa lisapitirire pamene umboni wafika. Ngati mwaona sori ndi timamba koma chomera n'chaching'ono, lembani "Asplenium sp." Ngati chikufanana kwambiri ndi mtundu wina koma chizindikiro chimodzi simunachione, monga mphukira kapena tsinde, ikani "cf." pakati, mwachitsanzo "Asplenium cf. gemmiferum", ndipo pansi pake mulembe chimene chikusowa. Pa aethiopicum imene simunawerenge spore zake, onjezani "s.l." kumapeto, kusonyeza kuti mukunena gulu lonse lija. Pa chikalata cha chitsanzo siyani mpata m'munsi, poti katswiri wodzachiona pambuyo pake adzamate kapepala kake ka dzina, siginecha ndi chaka, osafufuta lanu.